Amayi Anga Kuseri kwa Duwa

Lachisanu lapitali bambo anga anakwanitsa chaka ali m'manda, ndipo ine mpaka lero sindikudziwa ngati ndiyenera kuwalira kapena kuwakalipira. Ndimachita zonse ziwiri, nthawi zina tsiku limodzi lomwelo. Anthu akandipeza mumsika amandigwira dzanja n'kumati a Musasunthe anali munthu wabwino, anatijambula paukwati wathu, anajambula mwana wathu tsiku la ubatizo, chithunzi chija chikadali pakhoma. Ine ndimangoti zikomo. Mumtima ndimati inde, theka la Zomba likusunga nkhope za abale ake chifukwa cha bambo anga, koma ine mwana wawo mmodzi yekhayo sindidziwa nkhope ya amayi anga. Amayi anamwalira ndili ndi zaka zitatu. Anakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba ya munthu wojambula zithunzi, kamera ikugona kumutu kwa bedi, koma chimene bambo anandipatsa nditawafunsa nkhope ya amayi ndi chithunzi cha duwa.

Dzina lawo la ubatizo linali Edisoni, koma ngakhale abusa pamaliro anaphonya n'kunena kuti malemu a Musasunthe, anthu n'kuseka misozi ili m'maso. Wojambula aliyense amati musasunthe asanadine kamera, zimenezo n'zodziwika. Kusiyana kwake n'kwakuti bambo ankanenanso mawu amenewa kwa duwa, mwaulemu wonse, ngati akulankhula ndi apongozi awo.

Malo awo antchito anali pansi pa mtengo wa mango cha kumunsi kwa msika: mpando umodzi, nsalu yabuluu yopachika pachingwe, ndi kalilole woti makasitomala azipesera tsitsi. Ankajambula zithunzi za ziphaso, ana asukulu, ndi asilikali ofuna kutumiza nkhope kwa zibwenzi zawo kumudzi. Loweruka ankapita kumaukwati. Ntchito yonseyi ankaitcha yodyera, ndipo ankaigwira ngati munthu amene akumwa mankhwala owawa, osadandaula komanso osamwetulira. Koma likafika Lachitatu, kaya kuli mzere wa anthu kaya kulibe, pansi pa mango paja pankangotsala chingwe. Bambo ankakhala atalawirira kuphiri.

Katundu wawo wa Lachitatu ndimamukumbukira bwino chifukwa panalibe chogwirizana ndi chinzake. Ankanyamula ambulera, osati yodzitchinjirizira mvula koma yotchingira duwa mphepo. Ankanyamula chidutswa cha kalilole chobwezera dzuwa kunsi kwa masamba, ndi kagalasi kapawindo kamene ankakapaka mafuta odzola m'mbalimbali n'kukaika kutsogolo kwa kamera, kuti m'mphepete mwa chithunzi mukhale ngati mwagwa nkhungu. M'chikwama simunkasowa zitenje zakale ziwiri kapena zitatu zotambasula kuseri kwa duwa. Ankakwera wapansi, kudzera njira zachidule za m'mapaini, kupitirira damu la Mulunguzi mpaka kumene mitengo imathera n'kuyamba udzu. Azimayi ogulitsa sitiroberi ndi magalagadeya m'mbali mwa msewu ankawasungira zipatso zophwanyika, ndipo ndi iwowo amene ankawauza kumene kwadutsa moto, chifukwa maluwa ena amatuluka pamene papsa.

Tsiku lina otola nkhuni anawapeza atagona chafufumimba paudzu, osagwedezeka, mame atawanyowetsa msana wonse. Anataya mitolo n'kuthamangira kwa alonda a zankhalango kukanena kuti kumtunda kuli mtembo. Gulu lonse litafika, mtembo uja unakweza chala chimodzi.

"Musasunthe, abale. Mukundibweretsera mphepo."

Ankadikira kuti dontho la mame litsetsereke kufika pamene iwo ankalifuna. Nkhani imeneyi anandiuza ndi mmodzi wa alondawo patapita zaka. Eni ake sanaone kuti inali nkhani.

Zithunzi zamaluwazo akazitsuka ankazilemba kumbuyo ndi pensulo. Wina angaganize kuti ankalemba dzina la duwa kapena malo amene analipeza. Ayi ndithu. Ankalemba zinthu ngati "Mlamu wabwera osauza", "Akuluampingo atasemphana mawu", "Mtsikana amene mayeso sanamuyendere". Ndili mwana ndinkatembenuza chithunzi uku ndi uku kufunafuna mlamuyo, osamupeza. Ndikafunsa, ankati kamera ndi wantchito wopusa, amangotola zimene zilipo, ndipo zimene palibe ndiye ntchito ya wojambula. Ankatinso duwa aliyense analiona kale, palibe chifukwa cholitengera kunyumba ngati sulipatsa chonena. Ndikaumirira kuti komabe mlamu sindikumuona, ankati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu anaugwiritsa ntchito mpaka unatha ngati chidendene cha nsapato, ndipo ndimadana nawo mpaka lero. Choipa chake n'chakuti masiku ena, ndikayang'anitsitsa, mlamu uja ndinkamuonadi, ataweramitsa mutu pakhomo ndi kachikwama kake. Mawa lake n'kukhalanso duwa basi.

Khalidwe limeneli likanakhala kuphiri kokha bwenzi zili bwino, koma nthawi zina linkawatsatira ndi kuntchito yodyera. Ukwati wina ku Mbedza unatsala pang'ono kutisamutsa m'tauni. Bambo anapita ndi filimu imodzi, ndipo zithunzi zitatuluka, zoposa theka zinali za maluwa amene mkwatibwi ananyamula. Mayi ake a mkwati anafika kunyumba kwathu ku Chikamveka dzuwa lili paliwombo, zithunzi atazimanga pa nsonga ya chitenje, n'kuzimwaza pakhonde.

"A Musasunthe, mundiuze bwinobwino. Mwana wanga wakwatira duwa?"

"Amayi, takhalani kaye pansi. Taonani apa mmene manja a mkwatibwi agwirira. Mwana uyu amanjenjemera. Ukwati wonse uli apa."

"Ine ndikufuna nkhope ya mpongozi wanga, osati mmene wagwirira! Abale akumudzi ndikawaonetse zala?"

Nkhaniyi inatha Loweruka lotsatira, akwati atavalanso zovala zawo zobwereka n'kukaima pakhomo pa tchalitchi chotseka, bambo akuwajambula mwakachetechete. Kuyambira pamenepo anthu ankati a Musasunthe anasankha bwino kukhala ku Zomba, chifukwa tsiku likadzakwana ku mentolo, kuchipatala cha amisala, adzangoyenda wapansi. Ine ndinkachita manyazi kusukulu. Koma pamaliro pawo mkwatibwi uja, amene tsopano ali ndi zidzukulu, anandikokera pambali n'kundiuza kuti zithunzi za nkhope zija sakudziwa kumene zinapita, chimene anasunga m'Baibulo ndi cha manja chija. Ine ndinali nditagamula kale kuti bambo anga anali olakwa pa nkhani imeneyo.

Mnzawo weniweni anali mmodzi, Che Twaibu, ogulitsa nsalu mumsika. Zidutswa zotsala za nsalu ankasungira bambo, ndipo tiyi wa masana ankamwera limodzi kwa zaka zoposa makumi anayi, akukangana nkhani imodzi yomweyo. Che Twaibu ndi Msilamu wolimbikira, sankakonda zojambula nkhope za anthu, ndipo anakhala pampando wa bambo kamodzi kokha, chifukwa cha chiphaso. Za maluwa analibe nazo vuto, koma mafuta odzola aja ndi amene ankawapweteka mtima.

"Achimwene, duwa Mulungu analimaliza kale. Inu nde mukufuna kukonzanso chani ndi mafuta anuwo?"

"Mulungu anamaliza mbali yake, Che Twaibu. Ina anandisiyira ine."

"Walahi, pakamwa panupo padzakupsetsani. Imwani tiyi."

Tsopano ndinene za chithunzi chija. Ndinali sitandade faifi pamene mnzanga wina anabweretsa kusukulu chithunzi cha amayi ake, chojambulidwa ndi bambo anga omwe, chidindo chawo chili kumbuyo. Nditafika kunyumba sindinavule n'komwe yunifolomu. Ndinawafunsa kuti cha amayi anga chili kuti. Analowa kuchipinda n'kutuluka ndi chithunzi chimodzi chachikulu ngati chikhatho. Panali duwa lakutchire lofiira, looneka bwino kwambiri moti munthu ukanatha kuwerenga tiubweya ta patsinde pake. Kuseri kwake kunali chimbuuzi chokhachokha, chobiriwira mosakanikirana ndi chikasu, ndipo chakumwamba kunali kabanga kodera, kakakulu ngati chala chamanthu. Ndinatembenuza kuti ndiwerenge kumbuyo. Pa zithunzi zawo zonse zamaluwa, ichi chokha sanachilembe kanthu.

"Amayi ako ndi amenewo."

"Ali kuti, ababa?"

"Kuseriko. Anagwira chitenje, anaima mapazi atatu kuchokera pa duwa. Apa ndi nkhope."

Ndinayamba kulira, ndinkaona ngati akundiseka. Iwo anatenga kamera n'kundiikira pamaso, kuilozetsa pa duwa la pakhomo pathu, n'kundigwiritsa mkombero wa galasi kuti ndipotokole. Ndikapotokolera uku, duwa linkaoneka bwino, chitseko cha kumbuyo kwake n'kusungunuka. Ndikabwezera uko, chitseko chinkabwera, duwa n'kusungunuka. Anati kamera ikayandikira chotero singagwire zonse ziwiri, munthu umayenera kusankha. Ndinafunsa chifukwa chimene anasankhira duwa. Anati malo pa filimu anatsala amodzi okha, dzuwa linali litagwera bwino paduwapo, ndipo anauza amayi kuti iwo adzawajambula Lachitatu linalo. Lachitatu linalo kunagwa mvula. Lotsatira lake amayi anali atagona ndi mutu, ndipo patapita masiku anayi anamwalira.

Nkhani imeneyi ndinakhala nayo zaka zambiri. Inali yowawa koma inali yomveka, ndipo ndinkawamvera chisoni. Vuto linayamba pamene ndinkakonzekera ukwati wanga. Ndinatchulanso za chithunzi chija, bambo n'kundiuza, nkhope ili phee, kuti amayi ankaopa kamera, akaiona ankabisala, ndipo tsiku limenelo anachita kuwaba atasuzumira pamwamba pa chitenje. Za kutha kwa filimu sanazitchule n'komwe. Ndinapita kwa mayi anga aang'ono, a Felesiya, mng'ono wawo wa amayi. Iwo anawomba m'manja.

"Kuopa kamera Elida? Bodza limenelo! Munthu anachita kusoketsa diresi kuti amujambule. Tsiku ndi tsiku bambo ako kumangoti dzuwa silili bwino, dzuwa silili bwino. Zaka sikisi dzuwa osakhala bwino pa Zomba pano?"

Ndinawapempha kuti andifotokozere okha mmene amayi ankaonekera. Anati anali wokongola, wamtali ndithu. Chaka china anandiuza kuti anali wamfupi ngati iwo. Ndinafunsa ngati ndinafanana nawo pena pake, kuti mwina kalilole andithandize. Anati iwe usadzivute, unatengera bambo ako mpaka zikhadabo.

Nkhani yachitatu inabwera bambo atakalamba, ng'ala itayamba kuphimba maso awo. Nthawi imeneyo mafoni anali atawalanda kale makasitomala, ndipo iwo sanadandaule, anangoti tsopano masiku onse asanduka Lachitatu. Foni yojambulira anaikana, ankati imaona zonse, n'chifukwa chake siona kanthu. Tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde, popanda wowafunsa, ananena kuti anachita dala.

"Ndikanakupatsa nkhope yeniyeni, Esinati, bwenzi uli ndi mayi wa tsiku limodzi, wa ola limodzi, atatsinzinira dzuwa. Apa uli ndi mayi wa masiku onse, chifukwa umamuumba wekha."

"Ababa, ine sindine woumba mbiya. Ndimangofuna kudziwa ngati mphuno yawo inali yotani. Komanso inu tsiku limenelo munadziwa bwanji kuti amwalira?"

Anapitiriza kusenda chinangwa, ine mutu utaima. Munthu mmodzi, chithunzi chimodzi, nkhani zitatu, ndipo iliyonse ankainena ndi mtima wonse.

Mkangano wathu waukulu unachitika zaka zitatu asanamwalire. Ndinamva kuti makompyuta a masiku ano amatha kuwongola zithunzi zachimbuuzi. Ndinatenga chithunzi chija mwakabisira n'kupita nacho pa shopu ina m'tauni pamene amatayipa makalata. Mayi wa pashopupo anakuza kabanga kodera kaja, anadina apa ndi apo, ndipo posakhalitsa pagalasi panatuluka nkhope: mkazi wa khungu losalala, maso akuluakulu, ndolo m'makutu, akumwetulira pang'ono. Ndinalira pashopu pomwepo, anthu ofotokopetsa masatifiketi akundiyang'ana. Ndinathamangira nayo kwa a Felesiya. Iwo atangoiona anafuula dzina la mkulu wawo n'kugwira pamtima. Atapukuta misozi anaibweretsa pafupi, anaipititsa kutali, kenako anati komatu Elida sanaboole makutu, ndipo chibwanochi kaya. Anamaliza n'kunena kuti ndi iyeyo koma si iyeyo.

Bambo ndinawapeza atakhala pakhomo, akuwothera dzuwa. Anatenga pepala lija n'kuliyandikiza mpaka linakhudza mphuno, n'kuliyendetsa pang'onopang'ono kutsogolo kwa diso limene linkaonako.

"Mayi ameneyu ndi wa ndani?"

"Ndi amayi, ababa. Kompyuta yawatulutsa pa chithunzi chija."

"Ndi wokongola ndithu. Kam'bwezere kwa mwamuna wake, akumufunafuna."

Apa ndiye ndinaphulika. Moyo wanga wonse ndinali ndisanawakwezerepo mawu, koma tsiku limenelo anansi anasuzumira pampanda. Ndinati mwandinamiza katatu, mwajambula mahule ndi akuba a m'tauni muno koma mkazi wanu munamuika kuseri kwa udzu. Ndinati makina achita zomwe inu mwakhala mukulalikira zaka zonsezi, aikapo zimene palibe, nanga mukuwakaniranji? Anadikira mpaka mpweya unandithera.

"Makinawo sanamulirepo," anatero. "Tsopano khala pansi. Tandiuza, ukatsinzina umaona mayi wotani?"

Sindikudziwa chimene chinandikhazika pansi. Ndinayamba mwaukali, koma ndinapitiriza. Ndinati ndimaona mkazi wamtali, wa mpata kumano, wa kachipsera pachipumi, womanga duku mopendekera kumanzere, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Zinthu zimenezi ndinali ndisanauzepo munthu, ndipo sindidziwa kumene ndinazitenga. Bambo anali atatsinzina, misozi ikutsikira m'ndevu.

"Pitiriza."

"Kodi n'zoona, ababa?"

"Zina."

"Ziti?"

"Ndikakuuza ziti, zinazo uzitaya."

Ndinanyamuka osatsanzika, ndipo ndinatha miyezi iwiri osapondako. Nditabwerera anandilandira ngati ndachoka dzulo, n'kundifunsa ngati ndamva kuti kumtunda kwa damu kwadutsa moto.

Anamwalira nyengo yachisanu, atadwala chifuwa sabata imodzi. Kuchipatala ndinali pambali pawo masiku onse, funso la nkhope ya amayi lili mumtima, koma ndinachita manyazi kupanikiza munthu amene akuvutika kupuma. Ndinkadzitonthoza kuti pansi pa bedi lawo pali thiranki lachitsulo lodzaza manegetivu, mafilimu otsuka kale a moyo wawo wonse, ndipo ngati nkhope ya amayi ilipo, ili mmenemo.

Zamaliro zitatha ndinayamba. Ndikaweruka kuntchito ndinkapita ku Chikamveka, kukhala pawindo la chipinda chawo, n'kumakweza filimu imodziimodzi kudzuwa. Ndinaona maukwati a anthu amene anasudzulana kalekale, makanda amene lero ndi akuluakulu m'maofesi, ndi maluwa osawerengeka. Mwezi wachitatu ndinaipeza, itakulungidwa payokha m'pepala la m'kope. Ndinaizindikira ndi duwa lija komanso kabanga kaja. M'mphepete mwa filimu mumakhala timanambala tosonyeza mmene zithunzi zatsatirana. Chithunzi changa chinali nambala 22. Nkhani ya kutha kwa filimu inafera pomwepo, chifukwa kutsogolo kunali zithunzi zina mpaka 36, maluwa okhaokha. Koma nditandandalika zidutswa za filimuyo patebulo, ndinaona kuti pambuyo pa 22 pakubwera 24. Pakati pake panadulidwa ndi sizasi, mosamala, mbali zonse ziwiri. Nambala 23 panalibe.

Ndinakhuthula thiranki lonse, ndinagwedeza mabuku, ndinang'amba pilo. Kenako ndinatsikira kumsika. Che Twaibu ndinawapeza atangochokera kumzikiti masana, akupinda nsalu. Ndinawafunsa ngati bambo anawasiyira mawu alionse. Anamaliza kaye kupinda.

"Mawu anandisiyira, mwanangu, koma sanali anu."

"Anali a ndani?"

"A osambitsa maliro. Anati tsiku langa likadzakwana mudzandiveke jekete lofiirira lija, ndipo m'matumba musadzapise munthu. Ine nde amene ndinalichotsa kuseri kwa chitseko n'kukapereka."

"M'thumbamo munali chani?"

"Thumba lamkati, la kumtima. Kaenvulopu kakang'ono, ngati ka mbewu za tomato. Ndinangokamva ndi chala."

"Simunatsegule, Che Twaibu?"

"Chosungitsidwa sichitsegulidwa, mwanangu. Komanso achimwene aja mukuwadziwa. Mwina munali duwa louma."

Ndinakhala pa mpukutu wa nsalu. Ndinakumbukira kuti poona nkhope, bokosi lisanatsekedwe, ndinaika dzanja langa pachifuwa pawo, pamwamba penipeni pa thumba limenelo. Ndinawafunsa Che Twaibu ngati iwo akuwakumbukira amayi, poti ankagula nsalu kwa iwo. Anati mkazi wa mnzako sumuyang'anitsitsa. Chimene akukumbukira ndi nsalu yobiriwira ya mizere yachikasu imene anawadulira, ndiponso kuti ankaseka kwambiri, chifukwa chimenecho munthu umamva ngakhale utayang'ana pansi.

Kuyambira tsiku limenelo mutu wanga sunakhale m'malo. Masiku ena ndimati anapotokoladi galasi lija, anawajambula amayi bwinobwino, ndipo anawasunga okha zaka zonsezi chifukwa cha umbombo wa chikondi, osafuna kugawana ngakhale ndi mwana wawo. Ndikaganiza zimenezo ndimapsa mtima moti sindidya. Masiku ena ndimati ankakhulupiriradi zimene ankanena, ndipo anaona kuti akundipatsa chinthu chachikulu kuposa kapepala. Masiku enanso ndimati nambala 23 inangowonongeka potsuka, anaidula n'kuitaya, ndipo m'kaenvulopu muja munalidi duwa louma. Zonse zitatu zikufanana nawo. Ndinakhala ndi munthu ameneyu zaka zoposa makumi anayi, anandilera yekha, anakana kundipereka kwa amalume kumudzi, ankandiluka tsitsi ndi zala zonunkha mankhwala otsukira zithunzi, ndipo sindingathe kunena ngati anandibera kapena anandipatsa.

Sabata yathayi amisiri anayamba kumanga chiliza. Ndiulule, popeza ndayamba kale kunena: nditaima pamenepo n'kuona wilibala yoyamba ya simenti ikubwera, maganizo oipa ofukula manda anandifikira, oti mkazi wa mvano sayenera kuwaganiza n'komwe. Mkulu wa amisiri anandiyang'ana n'kufunsa ngati angathire. Anachita kufunsa kawiri. Ndinati thirani.

Chipinda chawo ku Chikamveka sitinaikemo munthu. Bedi ndi mpando anatenga achibale pogawa katundu, kamera ili kwa ine m'kabati. Pakhoma patsala timabokosi toyera pamene pankapachikika zithunzi, ndipo kuseri kwa chitseko kuli msomali wopanda kanthu. Windo limayang'ana kuphiri, mbali imene mapaini anadulidwa, moti kumangooneka zitsa ndi nthaka yofiira. Pagalasi la windolo ndinamatapo zidutswa ziwiri za filimu ija, 22 kumanzere, 24 kumanja, n'kusiya pakati mpata wa zala ziwiri. Dzuwa likapendeka limadutsa pampatapo n'kugwera pansi, kachigamba kowala kopanda kanthu mkati. Ndimayala mkeka n'kukhala pomwepo, n'kumakayang'ana ngati wamisala, ine amene ndinkawaseka bambo. Lolemba amayi anali aatali. Dzulo anali aafupi, akuseka. Ndinatembenuka kuti ndifunse, koma m'chipindamo mulibenso wondiuza kuti zina n'zoona.